Chitsimikizo cha kampani pa galimoto zapamwamba zogwirapo kale ntchito: kodi ndalama yowonjezerayo imabwerera?

Galimoto yapamwamba imatsika mtengo msanga, koma mtengo woikonzera sutsika nawo. Mercedes-Benz, BMW, Audi kapena Range Rover imene yayenda zaka zinayi kapena zisanu ingathe kugulidwa pa mtengo wofanana ndi wa galimoto yatsopano ya anthu wamba, komabe tsiku limene giyabokosi yake yafa, mwini wake amalipira ngati munthu amene anaigula ili yatsopano. Kusiyana kumeneku ndi kumene kunabala malonda a chitsimikizo chimene makampani opanga galimoto amaika pa galimoto zogwirapo kale ntchito. Ku America dongosololi amalitchula kuti certified pre-owned, pamene ku Britain ndi ku South Africa limadziwika kwambiri ndi dzina lakuti approved used.

Galimoto yokhala ndi chitsimikizo chotere imagulitsidwa pa mtengo wokwererapo poyerekeza ndi inzake ya mtundu womwewo, ya chaka chomwecho, imene ikugulitsidwa ndi munthu wamba kapena pa malo wamba ogulitsira galimoto. Wogula amauzidwa kuti ndalama yowonjezerayo ikumugulira mtendere wa mumtima. Nthawi zina zimenezi n'zoona. Koma phindu la pepalalo limadalira amene walisayinira, zimene zalembedwamo, ndiponso dziko limene galimotoyo ikakhale. Mfundo yomalizayi ndi imene imakhudza kwambiri anthu a kumwera ndi pakati pa Africa, chifukwa chitsimikizo chimene chili ndi mphamvu ku Johannesburg, London kapena Tokyo kawirikawiri chimasanduka pepala chabe galimotoyo ikangodutsa chipata cha Beitbridge kapena cha Songwe.

Kumene ganizoli linachokera

Vuto la msika wa galimoto zakale ndi lakuti wogulitsa amadziwa zambiri za galimotoyo kuposa wogula. M'chaka cha 1970, katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba nkhani yotchuka yotchedwa The Market for Lemons imene inafotokoza zotsatira za vutoli. (Anthu a ku America galimoto yovutavuta amaitchula kuti ndimu, chipatso chokongola kunja koma chowawasa m'kati.) Iye anaonetsa kuti wogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa, amangolola kulipira mtengo wapakatikati, ndipo eni galimoto zabwino, poona kuti mtengowo ndi wochepa, amasiya kuzigulitsa. Pamapeto pake msika umadzaza ndi galimoto zoipa. Akerlof analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2001 pamodzi ndi Michael Spence ndi Joseph Stiglitz kaamba ka kafukufuku wa misika yotereyi.

Chitsimikizo cha kampani ndi njira imodzi yothetsera kukayikirana kumeneku. Kampani ikamalonjeza kulipira zowonongeka, ikuonetsa kuti nayonso ili ndi chotaya ngati galimotoyo ili yoipa.

Komabe sikuti makampani anayamba malondawa chifukwa cha mabuku a akatswiri a zachuma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu ambiri ku America anayamba kubwereka galimoto zapamwamba kwa zaka ziwiri kapena zitatu m'malo mozigula, ndipo nthawi ikakwana ankazibweza. Makampani anapezeka ali ndi galimoto zambirimbiri zooneka bwino zimene anayenera kugulitsanso popanda kugwetsa mtengo wa dzina lawo. Lexus, nthambi ya galimoto zapamwamba ya kampani ya Toyota, ndi imodzi mwa oyambirira kukhazikitsa dongosololi mu 1993, ndipo makampani ena anatsatira. Choncho chitsimikizochi chinapangidwa choyamba kuti chithandize wogulitsa, ngakhale kuti wogula nayenso angapindule nacho.

Zimene wogula amalandira

Madongosolo a makampani osiyanasiyana amafanana m'mbali zikuluzikulu. Kampani imasankha galimoto zimene sizinapitirire zaka ndi makilomita amene inaika, zimene zili ndi mbiri yonse ya kasamalidwe kake, komanso zimene sizinachitepo ngozi yaikulu. Amakaniko a wogulitsa wovomerezeka amaiunika potsatira mndandanda wa kampaniyo, nakonza zimene zapezeka zolakwika pogwiritsa ntchito zipangizo zenizeni za kampaniyo. Kenaka pamabwera chitsimikizo chenichenicho, chimene nthawi zambiri chimakhala cha chaka chimodzi kapena ziwiri. Ku America, kumene BMW, Mercedes-Benz, Audi ndi Lexus amapereka chitsimikizo cha zaka zinayi kapena makilomita pafupifupi 80,000 pa galimoto yatsopano, chitsimikizo cha galimoto yogwirapo kale ntchito chimayambira pamene choyambacho chathera. Pamakhalanso zina zowonjezera monga kukoka galimoto ikafera panjira ndi kubwereketsa ina pamene yowonongekayo ili ku galaja.

Otsatsa malonda amakonda kutchula kuchuluka kwa malo amene aunikidwa. Porsche, mwachitsanzo, imadziwika ndi mndandanda wa mfundo 111, ndipo makampani ena amatchula manambala oposa pamenepa. Manambalawa sayenera kumusangalatsa wogula mopitirira. Pa mndandandawo pamawerengedwanso zinthu monga hutala, nyali za m'kati ndi mawaipa, zimene munthu aliyense angathe kuziona yekha, ndipo amene akuunikayo ndi wantchito wa amene akugulitsa galimotoyo. Chofunika ndi kupempha pepala la zotsatira lokhala ndi siginecha ndi tsiku, limene likuonetsa kukhuthala kwa matayala ndi mabuleki otsala, komanso zimene zinasinthidwa. Wogulitsa akazengereza kulipereka, kuunikako n'kutheka kuti kunathera pa kutsuka ndi kupukuta. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso kusiyana kumene ogula ambiri sakuzindikira. Mawu akuti certified alibe mwini. Malo aliwonse ogulitsira galimoto angathe kuwalemba pa galasi la galimoto, kutanthauza kuti iwo eni aiunika ndipo akhutira nayo. Chitsimikizo cha kampani yopanga galimoto chimalemekezedwa ndi ogulitsa onse ovomerezeka a m'dziko limene chinaperekedwa. Cha malo ogulitsirawo chimagwira ntchito pamalo pomwepo, ndipo bizinesiyo ikatsekedwa nachonso chimatha.

Mapepala anayi amene amasokoneza anthu ku South Africa

M'chigawo chino, South Africa ndi dziko limene lili ndi msika waukulu wa galimoto zapamwamba zogwirapo kale ntchito zokhala ndi chitsimikizo. Dzikoli limapanga galimoto zoterezi: BMW ili ndi fakitale ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, imene inkapanga 3 Series mpaka 2018 pamene inayamba kupanga X3, ndipo Mercedes-Benz imapanga C-Class ku East London. Boma la dzikoli limaletsa kuitanitsa galimoto zakale kuchokera kunja kuti zigulitsidwe m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zofuna chilolezo chapadera. Motero pafupifupi galimoto yapamwamba iliyonse imene ili pa msika wa dzikolo inagulidwa koyamba kwa wogulitsa wovomerezeka wa komweko, ndipo mbiri yake ili m'makompyuta a kampani.

Kumeneko wogula amakumana ndi mapepala anayi osiyana amene pakamwa pa wogulitsa angamveke ngati chinthu chimodzi. Loyamba ndi chitsimikizo, chimene chimalipira chipangizo chimene chafa chokha chifukwa cha vuto la kapangidwe, koma sichilipira zinthu zotha chifukwa chogwira ntchito. Lachiwiri ndi service plan, mgwirizano wolipiriratu oyilo, masefa ndi ntchito ya amakaniko pa nthawi zoikika basi. Lachitatu ndi maintenance plan, mgwirizano umene umaphatikiza zonsezi ndi zinthu zotha monga mabuleki, kilatchi, mashoko ndi batire, ngakhale kuti matayala kawirikawiri samawerengedwa. Kwa zaka zambiri BMW yatsopano inkabwera ndi Motorplan, ndipo Audi ndi Freeway Plan, ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000. N'chifukwa chake pa msika wa dzikolo funso loyamba la wogula wozindikira silikhala la mtundu wa penti koma lakuti mgwirizanowo watsala ndi nthawi yaitali bwanji, ndipo mtengo wa galimoto umagwa mooneka ikangotuluka m'ndondomekoyi.

Pepala lachinayi ndi limene limadandaulitsa anthu ambiri. Ili ndi chitsimikizo chowonjezera chimene chimagulitsidwa ndi makampani a inshulansi, ndipo nthawi zambiri chimalowetsedwa m'ngongole ya galimoto ku ofesi ya zachuma ya wogulitsayo, kutanthauza kuti wogula amachilipira pamodzi ndi chiwongoladzanja. Mapangano ambiri a mtundu umenewu amaika malire a ndalama pa chipangizo chilichonse: injini mpaka ndalama zakutizakuti, giyabokosi mpaka zakutizakuti. Pa galimoto yaing'ono malirewo angakwanire. Pa galimoto yapamwamba angathe kulipira gawo lochepa chabe la ntchitoyo, ndipo malirewo amacheperachepera pamene galimoto ikukalamba, nthawi imene mavuto amachuluka.

Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a bungwe la Competition Commission la dzikolo anasintha zina mwa zimenezi. Mwini galimoto tsopano ali ndi ufulu wopititsa galimoto yake ku galaja yoima payokha ili m'nthawi ya chitsimikizo popanda chitsimikizo chonse kuthetsedwa, ngakhale kuti kampani ingakane kulipira chowonongeka chimene chadza kaamba ka ntchito yoipa kapena chipangizo chosayenera cha galajayo. Ogulitsa anauzidwanso kuti aziulula mtengo wa service plan ndi maintenance plan paokha, osauphatikiza mobisa ndi mtengo wa galimoto yatsopano. Chotsatira chake n'chakuti wogula galimoto yopangidwa m'zaka zaposachedwa sangangoganiza kuti mgwirizanowo ulipo. Ayenera kufunsa ngati mwini wake woyamba anaugula.

Chimene chimawonongeka, ndi chimene sichilipiridwa

Galimoto yapamwamba ili ndi zipangizo zambiri zimene galimoto wamba ilibe, ndipo chilichonse mwa izo chingathe kufa. Range Rover ndi ma Mercedes-Benz akuluakulu amayenda pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i a chitsulo; matumbawo amang'ambika akakalamba, pampu yopopa mpweya imapsa poyesa kuwadzaza, ndipo galimoto imapezeka yagwada m'mawa. Giyabokosi yosintha yokha ili ndi kompyuta yake m'kati. Injini zambiri za masiku ano zili ndi turbo imodzi kapena ziwiri, ndi mapampu a mafuta ogwira ntchito pa mphamvu yaikulu. Nyali imodzi yakutsogolo, imene pa galimoto yakale inali babu ndi galasi, tsopano ndi chipangizo chathunthu chokhala ndi kompyuta chimene chimasinthidwa chonse. Zambiri mwa izi zikasinthidwa zimafunikanso kuzindikiritsidwa ku kompyuta ya galimotoyo ndi makina apadera, ntchito imene makaniko wa pansi pa mtengo sangaikwanitse ngakhale atakhala waluso chotani.

Injini zina zinatchuka ndi mavuto awo. Chitsanzo chodziwika ndi injini ya dizilo ya BMW yotchedwa N47, imene inayamba kuikidwa m'galimoto mu 2007. Unyolo wa m'kati mwa injiniyi, umene amakaniko amautchula kuti timing chain, unkatha msanga pa galimoto zina, ndipo popeza uli kumbuyo kwa injini, kuusintha kumafuna kutsitsa injini kapena giyabokosi. Ukaduka galimoto ikuyenda, injini yonse imawonongeka. Pa vuto ngati limeneli, chitsimikizo cha kampani chimabweza ndalama yake yonse tsiku limodzi.

Koma mavuto ambiri a tsiku ndi tsiku sakhala otere. Mabuleki, matayala, batire, kilatchi, mawaipa, magalasi ndi mipando yong'ambika sizilowa m'chitsimikizo. Matayala opyapyala okhala pa marimu aakulu, amene galimoto zapamwamba zimanyadira, ndiwo amaphulika msanga m'maenje a pamsewu, ndipo kuwonongeka kulikonse kochokera ku maenje, madzi osefukira kapena mafuta oipa kumatengedwa ngati nkhani ya inshulansi wamba kapena ya thumba la mwini wake. Chitsimikizo chimathanso kuthetsedwa ngati galimoto yaphonya nthawi yake yosinthira oyilo, kapena ngati wina wasintha pulogalamu ya kompyuta ya injini pofuna kuwonjezera mphamvu. Pakati pa zolipiridwa ndi zosalipiridwa pali malo a mkangano: chipangizo cha mphira cha m'miyendo ya galimoto chikatha pa makilomita 90,000, kodi chafa kapena changotha? Kawirikawiri amene amagamula ndi amene akuyenera kulipira.

Masamu ake

Chitsimikizo ndi mtundu wa inshulansi, ndipo wogulitsa inshulansi amaika mtengo woti ndalama zolowa zipose zotuluka. Kutanthauza kuti pa ogula onse pamodzi, ambiri amalipira zoposa zimene adzalandire. Zimenezi sizipangitsa chitsimikizo kukhala chinyengo. Munthu amagula inshulansi ya nyumba osayembekezera kuti nyumbayo ipsa. Funso ndi lakuti kodi vuto lalikulu likagwa, wogulayo angathe kulipira popanda kugulitsa galimotoyo kapena kukongola ndalama?

Njira yosavuta yowerengera ndi kupeza galimoto ziwiri zofanana, ina yokhala ndi chitsimikizo ndi ina yopanda, ndi kuona kusiyana kwa mitengo yake. Mwachitsanzo, ngati ina ili pa R520,000 ndipo inzake ili pa R480,000, chitsimikizocho chikugulidwa pa R40,000. Pa ndalamayi pachotsedwe mtengo wa zinthu zimene wogulitsa wovomerezekayo wasintha kale, monga matayala ndi mabuleki atsopano, zimene wogula galimoto inayo adzayenera kugula yekha. Chotsalacho chiyerekezedwe ndi miyezi imene chitsimikizocho chikuwonjezeradi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Galimoto ya chaka chimodzi ndi theka imakhala idakali ndi chitsimikizo chake choyamba, chimene chimatsata galimoto osati mwini wake, choncho wogula kwa munthu wamba amachilandira mwaulere. Phindu lenileni la dongosololi lili pa galimoto imene chitsimikizo chake choyamba chatsala pang'ono kutha kapena changotha kumene.

Mtundu wa galimoto nawo umasintha yankho. M'kafukufuku wa chaka ndi chaka wa mabungwe a ku America monga Consumer Reports ndi J.D. Power, Lexus yakhala ikupezeka pamwamba kapena kufupi ndi pamwamba pa kudalirika, pamene Land Rover kawirikawiri imapezeka chakumunsi. Kulipira ndalama zambiri zowonjezera pa Lexus ya zaka zitatu yokhala ndi mbiri yoyera ndi kugula ambulera m'chilimwe. Kugula Range Rover kapena Mercedes-Benz S-Class ya zaka zisanu popanda chitetezo chilichonse kumafuna munthu wa thumba lakuya.

Pali phindu lina limene limaiwalika. Makampani ena amapereka ngongole ya chiwongoladzanja chotsikirapo pa galimoto za m'dongosolo lawo, ndipo kusiyana kumeneku pa zaka zisanu kungathe kufafaniza mbali yaikulu ya mtengo wowonjezera uja. Komanso ngati chitsimikizocho chimaloledwa kupita kwa wogula wotsatira, galimotoyo imagulitsika mosavuta. Si makampani onse amene amalola zimenezi, ndipo ena amalipiritsa.

Zimene lamulo limapereka kale

Wogula asanalipire chitetezo chowonjezera ayenera kudziwa chimene ali nacho kale. Ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011, limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto, ndipo wogulayo ndiye amasankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama. Lamuloli limakhudzanso galimoto zogwirapo kale ntchito zogulidwa kwa wochita bizinesi yogulitsa galimoto, pokhapokha ngati vutolo linaululidwa momveka bwino ndipo wogula anavomereza kuitenga momwemo. Silikhudza malonda a pakati pa anthu wamba awiri, ndiponso mbali imeneyi sigwira ntchito pa katundu wogulidwa pa okushoni. Madandaulo amapita ku ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa. Ku Britain, lamulo la Consumer Rights Act la 2015 limapatsa wogula masiku 30 okana galimoto ya vuto ndi kulandira ndalama zake.

Kukhala ndi ufulu m'malamulo ndi kulandira galimoto yokonzedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, pakuti mlandu ungathe kutenga miyezi galimoto ili chiimire. Apa chitsimikizo cha kampani chimaposa lamulo: chimagwira ntchito popanda kukangana za amene analakwa.

Kumpoto kwa mtsinje wa Limpopo

M'maiko a Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe nkhaniyi imasintha kwambiri. Ogulitsa ovomerezeka a mitundu ina ya galimoto zapamwamba alipo m'mizinda ikuluikulu, koma ndi ochepa, ndipo galimoto zambiri zimene zili pamsewu sizinadutse m'manja mwawo. Zimachokera ku Japan, ndipo zina ku Britain ndi ku Singapore, maiko amene amayendetsa kumanzere kwa msewu monga maikowa. Zimatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Durban, Beira ndi Walvis Bay, n'kulowa kudzera pa zipata monga Nakonde, Songwe ndi Beitbridge. Ku Japan galimoto imayesedwa mwalamulo ikakwanitsa zaka zitatu, kenaka pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo kukwera mtengo kwa mayesowa, amene amatchedwa shaken, ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake amazigulitsira zidakali zooneka bwino.

Galimoto yotereyi ingathe kukhala kuti inali ndi chitsimikizo cha kampani kwawo, koma chitsimikizo cha galimoto yogwirapo kale ntchito chimaperekedwa ndi nthambi ya kampani ya m'dziko limenelo, ndipo malire a dera limene chimagwira ntchito amalembedwa mu mgwirizano. Mapangano a ku South Africa kawirikawiri amafika ku Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini, maiko amene ali nalo pamodzi mu mgwirizano wa msonkho wa SACU. Amene akugula galimoto ku Johannesburg kuti akaigwiritse ntchito ku Lusaka, Lilongwe kapena Tete ayenera kuona ndi maso ake dzina la dziko lake pa pepalalo, osati kungomva pakamwa pa wogulitsa. Ngakhale chitsimikizocho chitakhalabe chamoyo malinga ngati galimoto ibwerera ku South Africa kukakonzedwa, ulendo wa makilomita oposa 1,500 pa lole yonyamula galimoto, pamodzi ndi mapepala a pa zipata ziwiri kapena zitatu, ungathe kudya ndalama yonse imene chitsimikizocho chikanapulumutsa.

Mawu akuti certified amapezekanso pa zikalata za galimoto zochokera ku Japan, koma tanthauzo lake ndi lina. Maiko ena, kuphatikizapo Zambia, amafuna kuti galimoto iyesedwe isanakwezedwe m'sitima, ndipo makampani monga JEVIC ndiwo adadziwika ndi ntchito imeneyi. Chikalata chawo chimanena kuti pa tsiku loyesalo galimotoyo inali yoyenera kuyenda pamsewu; sichilonjeza kulipira kanthu giyabokosi ikafa patatha mwezi umodzi. Chimodzimodzinso pepala la ku okushoni, limene limapereka giredi ya galimoto ndi kuonetsa malo okalika kapena okonzedwapo. Ndi umboni wothandiza kwambiri, makamaka pa makilomita enieni amene galimoto yayenda, koma si chitsimikizo. Makampani ena otumiza galimoto amagulitsa chitetezo chawo cha nthawi yochepa, chimene chiyenera kuwerengedwa mosamala monga mapangano a inshulansi aja. Mabungwe oteteza ogula, monga Competition and Fair Trading Commission ku Malawi ndi Competition and Consumer Protection Commission ku Zambia, angathandize pa mkangano ndi wogulitsa wa m'dziko momwemo, koma mphamvu zawo sizifika ku Yokohama.

Pali zinanso zimene zimalemetsa mwini galimoto yapamwamba m'maikowa. Galimoto za dizilo zopangidwira msika wa ku Ulaya zinakonzedwa kuti zizigwiritsa ntchito mafuta okhala ndi sulufule wosaposa magawo 10 pa miliyoni imodzi, mlingo umene wakhala lamulo kumeneko kuyambira mu 2009, pamene m'maiko ambiri a m'chigawo chino mlingo wofala ndi magawo 50. Sefa yogwira mwaye wa dizilo imatsekeka msanga ngati mafuta ali otsika kapena ngati galimoto imangoyenda maulendo aafupi a m'tauni. Zipangizo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene ndalama ya kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chipangizo chilichonse choitanitsa unakwera nthawi yomweyo. Zimbabwe nayo inakhwimitsa malamulo mu 2021 pa kulowetsa galimoto zoposa zaka 10. Zonsezi zikuonetsa kuti chitetezo n'chofunika kwambiri m'maikowa kuposa ku Ulaya, pomwe kuno n'kumene chimasowa.

Kumene wogulitsa wovomerezeka wa m'dziko momwemo akugulitsa galimoto imene anaigulitsa yekha ili yatsopano, naisamalira m'galaja yake, ndipo akupereka chitsimikizo cholembedwa, mtengo wokwererapo uli ndi maziko, makamaka kwa munthu wokhala mumzinda umene galajayo ili. Kwa woitanitsa galimoto kunja, ndalama imene ikanapita ku chitsimikizo imagwira ntchito bwino ikagawidwa pawiri. Gawo laling'ono lilipire makaniko woima payekha, wodziwa mtundu wa galimotoyo, amene ali ndi makina owerengera makompyuta ake onse, chifukwa makilomita amasungidwa m'malo angapo ndipo wobweza mita kawirikawiri amaiwala ena. Gawo lalikulu lisungidwe padera podikira tsiku la matumba a mpweya kapena turbo, ndipo ndi bwino kufunsiratu mtengo wa zipangizo zitatu kapena zinayi zodula kwambiri galimotoyo isanagulidwe.

Galimoto yochokera ku dziko lina la m'chigawo chino imafunikanso chikalata cha apolisi cha SARPCCO, bungwe la akuluakulu a apolisi a kumwera kwa Africa limene linakhazikitsidwa mu 1995, chotsimikiza kuti si yobedwa. Galimoto zapamwamba ndi zina mwa zimene mbava zimakonda kuwolotsa malire, ndipo palibe chitsimikizo cha kampani chimene chimabweza ndalama ya galimoto yolandidwa ndi apolisi.

Chinthu chimodzi chimene kampani imachita mwaulere, kaya galimoto ili ndi chitsimikizo kapena ayi, ndi kukonza vuto la chitetezo limene yalengeza yokha poitanitsa galimoto zake. Nkhani yaikulu ya mtunduwu ndi ya matumba oteteza anthu pangozi opangidwa ndi kampani ya Takata ya ku Japan, amene ena ankaphulika ndi kumwaza tizitsulo, ndipo inakhudza galimoto mamiliyoni ambiri za makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo apamwamba. Kampaniyo inagwa mu 2017. Makalata oitanira galimoto amatumizidwa kwa mwini wake wa m'dziko limene inagulitsidwa koyamba, choncho galimoto imene inawoloka nyanja imaphonyedwa mosavuta. Nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17, kapena nambala ya chasisi pa galimoto zopangidwira msika wa ku Japan, ndi imene wogulitsa wovomerezeka amagwiritsa ntchito poona ngati pali ntchito yotere imene sinachitike.